MAPAZI A MACHONA M'MANYUZIPEPALA AKALE A KU LIVINGSTONE

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba ndi Petauke kukafika ku Lundazi, muli mabanja amene ali ndi dzina lina limene limachulidwa pa maliro pokha, pamene akulu ali kuwerenga mbumba. Ndilo dzina la munthu amene anacoka kale-kale atanyamula mkeka, kathumba ka ufa ndi citupa, nalawira kuti ali kukafuna ndalama za msonkho ndi nsalu ya mkazi wace, koma osabweranso. Ena anamveka ku migodi ya Wankie, ena ku Salisbury, ena ku Joni. Koma alipo ena amene mbiri yao yonse inathera pa mau atatu okha akuti, "Anali ku Livingstone." Anthu otere ndiwo machona.

Lero adzukulu a machona aja ali kufunsa mafunso amene makolo ao analibe pofunsira. Munthu uja anali kugwira nchito yanji? Anamwalira caka citi, ndipo anaikidwa kuti? Kodi anasiya ana? Mafunso awa si ongocezera pa moto madzulo ai. Pamene ufumu wa pa mudzi uli pa mkangano, kapena pamene abale ali kulimbirana munda wa makolo, kudziwa bele lalikulu ndi kumene kunapita mbeu yace kumasanduka nkhani ya pa bwalo. Ndiponso ku Livingstone komweko, m'makomboni a Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa, muli a Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu obadwira konko, amene amangodziwa kuti agogo ao anacokera "ku Fort Jameson," koma dzina la mudzi ndi la mfumu linapita nao kumanda.

Njira imodzi imene ofufuza mbiri amatsata ndiyo ya manyuzipepala akale. M'dziko la Zambia palibe mzinda wina wokhala ndi manyuzipepala akale kuposa Livingstone, pakuti kusindikiza nyuzi kunayambira komweko m'caka ca 1906. Koma munthu wa kumudzi asanagulitse mbuzi kapena thumba la nshawa kuti apeze ndalama ya basi, ayenera kudziwa cinthu cimodzi: nyuzipepala ija sinalembedwere agogo ace. Inalembedwa ndi Azungu, kulembera Azungu anzao, m'Cingerezi. Wofuna mchona m'masamba ace afanana ndi mlenje wolonda nyama pa thanthwe. Mapazi saoneka bwino, koma udzu wopindika ndi kamwala kosunthika zimaulula kumene nyama yalowera.

KUCOKERA PA DOOKO LA SEKUTE

Malo amene pali mzindawu ndi dziko la anthu a Mfumu Mukuni ndi Mfumu Sekute, ndipo ca kumpoto kuli a Mfumu Musokotwane. Iwo anali kuoloka Zambezi ndi mabwato zaka zambiri-mbiri David Livingstone asanafike pa mathithi mu Novembala 1855. Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi umene ugunda, linadza ndi Akololo. Eni dziko amati Shungu Namutitima.

Azungu oyamba kukhazikika anamanga pa dooko la Sekute, makilomita ngati 9 kumtunda kwa mathithi, napacha malowo Old Drift. Wamalonda F. J. Clarke, wodziwika ndi dzina lakuti Mopane, anafikapo m'caka ca 1898. Malowo anali a cinyontho ndi udzudzu, ndipo malungo ndi nthenda ya mkodzo wakuda zinatha anthu ambiri. Manda ao alipo kufikira lero m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya. Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa mathithi m'caka ca 1904. Ulalo waukulu wacitsulo, wotalika mamita 198 ndi wokwera mamita 128 pamwamba pa madzi, unatsegulidwa pa 12 Seputembala 1905, ndipo m'caka comweco Boma la kampani ya British South Africa linasamutsira anthu a ku Old Drift pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero. M'caka ca 1907 likulu la North-Western Rhodesia linacoka ku Kalomo kudza ku Livingstone.

Apa ndipo pamene nkhani ya mzindawu iyamba kukhudza anthu a Kum'mawa. Nthawi imeneyo dziko linali logawika pawiri, ndipo Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali likulu la North-Eastern Rhodesia. M'caka ca 1911 zigawo ziwirizo zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, likulu lace Livingstone. Maofesi atasamuka, nchito inasamuka nao. Makalaliki ndi omasulira ophunzira pa mamishoni a ku Nyasaland ndi a Kum'mawa, amesenjala, makhukhi ndi anyamata a m'nyumba otsata mabwana ao, onsewa anayamba kulunjika ku Zambezi. Apolisi a zigawo ziwirizo naonso anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi la Northern Rhodesia Police, likulu lace ku Livingstone, ndipo Cinyanja ndico cinakhala cinenero ca upolisi ndi usilikari. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene Cinyanja cimvekera pa msika wa Maramba lero, pakati pa Citonga ndi Cilozi.

Kumudzi nakonso kunali zokankha. Nkhondo ya 1898 inathyola mphamvu ya Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi-zikwi zinalandidwa. Posacedwa unafika msonkho wa nyumba, wofuna ndalama zimene m'mudzi munalibe. Dziko lalikulu la nthaka yabwino linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anapanikizidwa m'malo ocepa ochedwa marizevu. Mnyamata wofuna kukwatira kapena kupereka msonkho analibe kucitira mwina koma kupita ku ulendo. Ku Livingstone kunali nchito ya pa njanji, ya m'mahotela ndi m'masitolo, ndiponso ya kampani ya Zambezi Saw Mills imene inali kuceka mitengo ya mukusi ndi kuitenga pa njanji yace-yace yocokera ku Mulobezi.

NYUZI YA WOGULITSA MANKHWALA

Nyuzipepala yoyamba inali Livingstone Pioneer, imene inatuluka mu Januwale 1906 koma sinakhalitse. M'caka comweco Leopold Moore, Mngerezi wobadwira ku London m'caka ca 1868, amene anali ndi sitolo ya mankhwala ciyambire masiku a Old Drift, anayamba Livingstone Mail, yotuluka kamodzi pa mlungu. Kwa zaka zoposa 20 inalibe inzace yolimbana nayo m'dziko lonse.

Moore anali munthu wa pakamwa pakuthwa. Analimbana ndi Boma la kampani, anakhala woimira Azungu m'bungwe lopanga malamulo, anakana kolimba kuti likulu lisamukire ku Lusaka, ndipo anapatsidwa ulemu wa Sir m'caka ca 1937 asanamwalire mu 1945. Koma ufulu umene anali kumenyera unali wa Azungu okhazikika m'dziko, ndipo sanali kubisa kuti munthu wakuda anali kumuona ngati wanchito basi. Wowerenga wa lero alimbe mtima, pakuti adzakumana ndi mau onyoza amene angamkwiyitse kufikira atseke buku. Kutseka buku ndiko kuluza kawiri: makolo ananyozedwa kale, ndipo mdzukulu abwerera cimanja-manja.

M'masamba a Mail muli zinthu zambiri: zolengeza malonda za masitolo, nthawi za sitima, mitengo ya ng'ombe ndi cimanga, misonkhano ya oyang'anira mzinda, milandu ya ku khoti, masewera, maukwati ndi maliro. Mzungu akakwatira, akadwala, akasamutsidwa pa nchito kapena akapita ku chuthi kwao, dzina lace linali kulembedwa. Munthu wakuda kawiri-kawiri anali kulowamo wopanda dzina, wongochedwa "native" kapena "boy," ngakhale mutu uli mbuu ndi imvi. Dzina lace likapezeka, nthawi zambiri ndi pa mlandu, monga kuthawa nchito, kuphika mowa ndi kuyenda usiku popanda pasi, kapena pa ngozi ya kumira, kugwidwa ndi ng'ona ndi kupondedwa ndi sitima. Wogwira nchito yace mwakacetecete zaka makumi atatu, wosaba ndi wosamira, nyuzi sinamuone.

Citsanzo ca ici ndi mpikisano wa mabwato wa pa 18 Ogasiti 1910, pamene Richard Arnst wa ku New Zealand anapambana Ernest Barry wa ku England pa Zambezi, kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse lapansi. Maina a awiriwo ali m'mabuku kufikira lero. Pa mipikisano ya pa mtsinjewu anthu akuda naonso anali kupalasa mabwato ao, ndipo iwo ndiwo anali eni madziwo, koma maina ao sapezeka m'mabuku monga apezekera a alendo aja.

KUWERENGA CA M'MBALI

Tsono phindu la nyuzi yotere n'ciani kwa munthu wa ku Katete kapena Chadiza? Phindu loyamba ndi la zaka. Akulu a kumudzi sawerenga nthawi ndi manambala, koma ndi zocitika, ndipo nyuzipepala ndiyo imapatsa cocitika ciri conse tsiku lace. Nkhondo ya Jeremani, imene inatenga amuna ambiri kukhala amtengatenga, inali ya 1914 kufikira 1918. Fuluwenza inalowa m'dziko ndi njanji mu Okutobala 1918. Mwana wa Mfumu ya ku England, Prince of Wales, anaceza ku Livingstone mu 1925. Likulu linasamukira ku Lusaka mu 1935. Mfumu George VI inafika ndi mkazi wace ndi ana ace akazi awiri mu Epulo 1947, ndipo Mfumu Imwiko ya Alozi inakomana nayo pa mtsinje. Bwalo latsopano la ndege linatsegulidwa mu 1950, Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, ndipo Zambezi inasefukira koopsa mu Malici 1958. Ndalama ya kwacha ndi ngwee inalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu Januwale 1968, ndipo malire a pa ulalo anatsekedwa ndi Ian Smith mu Januwale 1973.

Cotero gogo wina akanena kuti mlongo wace anatumiza bulangeti lotsiriza caka cimene Mfumu ya Azungu inabwera ndi ana ace akazi, wofufuza wapeza kale poyambira. Safunikanso kubvundukula masamba a zaka makumi asanu. Atenge a 1947 ndi 1948, awerenge mosamala nkhani za ku khoti, za ngozi, za nthenda zimene zinabuka m'makomboni ndi za makampani amene anacotsa anthu nchito.

Nyuzi imathandizanso kuongola mbiri ya pakamwa popanda kuinena kuti ndi bodza. Mabanja ena amanyadira kuti agogo ao anamanga ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya. Zikhoza kukhala zoona, pakuti anthu akuda mazana-mazana anagwira nchito imeneyo pansi pa kampani ya Cleveland Bridge ya ku England. Koma ngati agogowo anali mnyamata wosakwatira pa nthawi ya fuluwenza, sakanatha kunyamula zitsulo mu 1904. Apa mpofunika kudziwa kuti m'zaka za 1929 ndi 1930 ulalo uja unakonzedwanso kuti pakhale njira ya magalimoto pambali pa njanji. Agogo sananame ai. Anagwiradi nchito pa ulalo, koma pa ulendo waciwiri. Ndipo wofuna nkhani za kumanga koyamba asazifune mu Livingstone Mail, cifukwa ulalo unatha nyuziyo isanabadwe. Nkhani zimenezo ziri mu Bulawayo Chronicle, imene inayamba mu 1894.

Phindu laciwiri ndilo lofuna nzeru za mlenje. Popeza nyuzi inali kulondola Azungu, wofuna wanchito alondole bwana wace. Banja likakumbukira kuti mchona anali khukhi wa dokotala wakuti-wakuti, kapena wa mkulu wa pa sitesheni, dzina la Mzungu ameneyo lidzapezeka m'nyuzi kambiri-mbiri: tsiku limene anafika, nyumba imene anakhala, ndi tsiku limene anasamutsidwira ku Mongu, ku Broken Hill kapena ku Ndola. Khukhi wokhulupirika kawiri-kawiri anali kupita ndi bwana wace. Momwemonso kalaliki, mesenjala kapena wosindikiza wa Boma amene mbiri yace inazimirira ku Livingstone ca m'ma 1935, mpoyenera kumfuna ku Lusaka, kumene maofesi anasamukira. Cobvuta n'cakuti kumudzi Mzungu amakumbukika ndi dzina limene anchito anamupatsa, monga J. E. Stephenson anali kudziwika kuti Chirupula. Wofufuza alembe dzina loterolo pamodzi ndi nchito ya mwini wace, pakuti nchito ndi caka zikadziwika, dzina la m'mabuku silibvuta kupeza.

Za maina mpofunika kucenjera kwambiri. Munthu mmodzi anali kukhala ndi maina atatu kapena anai: la ubwana, la ubatizo, la pa citupa, ndi la pa nchito limene kapitao kapena dona anangomupatsa, monga Jim, Sixpence kapena Foloko. Ena anali kusintha dzina dala pothawa cibalo kapena bwana wankhanza. Azungu anali kulemba monga anamvera, kotero kuti Phiri akhoza kulembedwa Piri, ndi Mwale kukhala Mwali. Kwa iwo munthu ali yense wolankhula Cinyanja anali wa ku Nyasaland, ngakhale kwao kuli kwa Kawaza kapena kwa Kalindawalo. Maina a malo naonso anasintha utabwera ufulu: Broken Hill ndi Kabwe, Abercorn ndi Mbala, Fort Rosebery ndi Mansa, ndipo mseu waukulu wa m'Livingstone umene nyuzi zakale zinali kuucha Mainway ndiwo Mosi-oa-Tunya Road.

PAMENE AKUDA ANAYAMBA KULEMBEDWA MAINA

Si anthu onse a Cinyanja amene anakhala cete m'mzindamo. M'caka ca 1930 kunabadwa bungwe la Livingstone Native Welfare Association, lotsogozedwa ndi anchito a Boma awiri ocokera ku Nyasaland, a Isaac Nyirenda ndi a Edward Tembo. Bungweli linali kudandaulira Boma za tsankho la m'mzinda ndi kubvutitsidwa kwa anthu akuda m'miseu ndi m'masitolo. Zolembedwa za misonkhano yace zinali kutumizidwa kwa akulu a Boma, ndipo mwa njira imeneyo zinasungika. Banja limene kholo lace linali kalaliki, mphunzitsi kapena mlaliki m'zaka zimenezo lisaiwale kufunsa za mapepala amenewa, pakuti m'menemo anthu akuda alembedwa ndi maina ao enieni ndi maudindo ao.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1936 pamene Boma linayamba Mutende, nyuzipepala ya anthu akuda, patangopita caka cimodzi anchito a ku migodi ya Copperbelt atanyanyala nchito. Colinga ca Boma cinali cakuti anthu aziwerenga zimene ilo linafuna, m'malo mwa mabuku a Watch Tower amene linali kuwaopa. Inali kulembedwa m'Cingerezi, Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, ndipo inatha mu 1952, m'malo mwace mukulowa African Eagle. Ngakhale inali lipenga la Boma, kwa wofufuza za banja Mutende iposa Livingstone Mail kutali. M'menemo muli makalata a owerenga osainidwa ndi maina ao ndi kumene anali kukhala, nkhani za m'maboma ndi m'makomboni, za mpira, za masukulu, ndi za asilikari a Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar ndi Burma pakati pa 1939 ndi 1945. Ndiponso gawo la Cinyanja munthu wa kumudzi akhoza kudziwerengera yekha wopanda womasulira.

Za masiku a ufulu njira ndi yotakata. African Mail inayamba mu 1960, inasanduka Central African Mail, ndipo Boma litaitenga mu 1965 inakhala Zambia Mail, kenaka Zambia Daily Mail mu 1970. Northern News ya ku Ndola inasanduka Times of Zambia mu 1965. Panalinso manyuzi a Boma a zinenero za m'dziko, monga Tsopano ya Cinyanja, Intanda ya Citonga ndi Liseli ya Cilozi. M'masamba a kumapeto a manyuzi akulu-akulu muli zidziwitso za maliro, zikumbutso za omwalira ndi za cuma ca masiye, ndipo m'zidziwitso zotere mumachulidwa ana ndi abale. Tizilembo ting'ono-ting'ono timeneti, timene owerenga ambiri amangotilumpha, ndito timalumikiza mabanja.

KUMENE MAPEPALA ASUNGIDWA

Malo awiri ndiwo ofunika. Oyamba ndi National Archives of Zambia, nyumba yosungiramo zolembedwa za dziko, imene iri ku Ridgeway mu Lusaka. Nchito yosunga zolembedwazi inayambira ku Livingstone komwe mu 1947, mapepala anatengedwa kupita ku Salisbury kwa zaka zingapo, nabwezedwa ku Lusaka mu 1956. Kumeneko kuli manyuzipepala akale omangidwa m'mabuku akulu-akulu caka ndi caka, Gazeti ya Boma, ndi mabuku a ma D.C. ochedwa District Notebooks, m'mene abwana a pa boma anali kulemba za mafumu, mibadwo yao, midzi, njala ndi milandu ya malire. Popeza ulendo wa ku Chipata kukafika ku Livingstone uposa makilomita 1,000 ndipo upyola mu Lusaka, nzeru ndi kuyambira pamenepo.

Malo aciwiri ndi Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale yoyamba m'dziko muno, imene iri pa Mosi-oa-Tunya Road. Inayamba mu 1934, inalowa m'nyumba imene irimo lero mu 1951, ndipo inatenga dzina limeneli mu 1966. Alendo ambiri amangoona makalata ndi katundu wa David Livingstone ndi zinthu za makolo, osadziwa kuti mulinso laibulale ndi zolembedwa zakale za mzindawu, pamodzi ndi Livingstone Mail ndi zithunzi. Ku mbali ina ya mzinda kuli Railway Museum, m'nyumba zimene zinali zokonzeramo masitima a Zambezi Saw Mills, kumene mdzukulu wa munthu wa pa njanji akhoza kuona ndi maso ace injini za malasha ndi nkhuni zimene agogo ace anali kusonkhezera.

Wopita ku malo awa atenge citupa cace ca dziko, kabuku ndi pensulo, ndipo ayambe wafunsa za malipiro ndi masiku otsegulira. Amene Cingerezi cimbvuta atenge mwana wa sukulu wodekha, osati wothamangira kukaona mathithi. Mapepala a zaka zoposa 100 ndi ofooka ngati tsamba louma la fodya. Satsegulidwa ndi cala conyowetsa ndi malobvu, sapindidwa, ndipo kujambula ndi foni kumafuna cilolezo ca oyang'anira. Ciri conse copezeka cilembedwe pamodzi ndi dzina la nyuzi, tsiku ndi nambala ya tsamba, cifukwa pa bwalo la mfumu mau akuti "ndinawerenga pena pace" alibe mphamvu. Munthu akhoza kukhala masiku atatu osapeza kanthu, napeza pa tsiku lacinai mizere iwiri yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe ulendo wonsewu uyambira pakhomo. Asanakwere basi, wofufuza akhale pansi ndi agogo, azakhali ndi atsibweni, afunse maina onse a mchona, ciongo cace, mudzi ndi mfumu ya pa nthawi imene anacoka, anzace amene anapita nao, mpingo umene anali kupemphera, ndi cinthu cotsiriza cimene anatumiza. Afufuze m'masutukesi ndi m'zitini zakale, pakuti envulopu yokhala ndi cidindo ca positi, lisiti la msonkho kapena cithunzi cojambulidwa ku situdiyo zikhoza kunena caka ndi malo. Mau a akulu ajambulidwe pa foni akali moyo. Amene anaona machona akucoka atsala owerengeka, ndipo caka ciri conse mvula ikamatha amakhala atacepanso.

Pali cifukwa cina cimene mau a akulu ndi mabuku a mipingo ziri zofunika cotere. M'masiku a atsamunda kubadwa ndi kumwalira kwa anthu akuda sikunali kulembedwa ndi Boma monga kwa Azungu; lamulo lokakamiza kulembetsa anthu onse linadza mu 1973. Amene anali kulemba ndi amishoni. A Dutch Reformed anayamba ku Magwero mu 1899, nafika ku Madzimoyo mu 1903 ndi ku Nyanje mu 1905. A Anglican anali ku Msoro, ndi a Katolika ku Kachebere ndi ku Minga. Ku Livingstone kunali a mishoni ya Paris ciyambire masiku a Old Drift, chalichi ca St Andrew ca Anglican, ndi ansembe a Capuchin a ku Ireland amene anafika mu 1931. Nyuzi ikapereka caka, buku la ubatizo kapena la ukwati la caka cimeneco likhoza kupereka cotsala: dzina la mkazi, maina a ana, ndipo nthawi zina mudzi umene munthu ananena kuti ndiko kwao.

Banja likonzekeretu mtima, pakuti zopezeka si zonse zokondweretsa. Mchona amene kumudzi amamkumbukira ngati kapitao wamkulu akhoza kupezeka m'mizere itatu ya ku khoti, atalipitsidwa masheleni khumi cifukwa ca mowa. Wina amene mkazi wace anamdikira kufikira ukalamba adzapezeka kuti anakwatira mkazi wa Cilozi kapena wa kwa Mukuni, nabala ana asanu ndi mmodzi, naikidwa m'manda a mzindawo popanda mwala. Adzukulu ace alipo ku Dambwa kapena ku Libuyu, amalankhula Cilozi ndi Citonga, Cinyanja cao ndi ca m'tauni, koma pa zitupa zao palembedwa Mwale kapena Sakala. Naonso akhala ali kufunsa kuti kwao n'kuti. Wopita kukagogoda pakhomo pao anyamule ufa pang'ono, nshawa ndi cithunzi ca kumudzi, ndipo poyamba kulankhula achule ciongo ndi dzina la mfumu.